Kafukufuku watha, nanga anthu muwauza bwanji? Njira zisanu pa sikelo

Pepala la kafukufuku likatuluka m'magazini ya akatswiri, amaliwerenga ndi anzanu omwe munkakambirana nawo kale nkhani yomweyo. Namwino amene zotsatirazo zikanasintha kagwiridwe kake ka ntchito sadzaliona. Mlimi, mphunzitsi, kholo, phungu wa nyumba ya malamulo, onsewa sadzaliona, ndipo ngakhale atalipeza angagonjere pa ndime yachiwiri. Ndiye tsiku lina mumakhala pansi n'kudzifunsa: ndipite kwa atolankhani, ndilembe ndekha, ndipemphe nthawi pa wailesi, nditsegule tsamba pa intaneti, kapena ndiwaitane anthuwo tikambirane? Ndakhala ndikuthandiza ochita kafukufuku kusankha pakati pa njira zimenezi, ndipo ambiri amangoyang'ana kuchuluka kwa anthu amene awamve. Muyezo umenewo pawokha umasocheretsa. Njira ikamafika kutali, mawu anu amachoka m'manja mwanu msanga, ndipo womvera sapeza mpata wokufunsani pomwe sanamvetse.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Yambani ndi funso ili: ndani kwenikweni ayenera kumva, ndipo akamva achite chiyani? "Anthu onse" si yankho. Amayi oyembekezera ndi gulu, akuluakulu ogawa ndalama za boma ndi gulu lina, ana a sukulu ndi linanso, ndipo sapezeka malo amodzi. Mukayankha funsoli, njira ziwiri kapena zitatu zimagwa zokha.

Zotsalazo ziyezeni ndi miyezo inayi. Woyamba ndi mtengo, ndipo kwa wasayansi mtengo weniweni ndi nthawi, maola amene akanakhala m'labotale kapena ndi ophunzira ake. Wachiwiri ndi kupezeka: kodi inuyo khomo lake mungalowe, nanga omvera anu amafikako? Wachitatu ndi chisamaliro, ntchito imene imatsala mukatseka pakamwa, monga kuyankha mafunso ndi kukonza zolakwika. Apa m'pamene ambiri sawerengera bwino. Wachinayi ndi zoopsa.

Choopsa chimodzi chimayenda ndi njira zonse, ndipo ndi manambala. Mu Okutobala 1995, bungwe loona za chitetezo cha mankhwala ku United Kingdom linachenjeza kuti mapiritsi ena atsopano olera amachulukitsa kawiri chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha. Mawuwo sanali onama. Koma "kawiri" ameneyo ankatanthauza kuchoka pa mayi mmodzi mwa 7,000 aliwonse kufika pa awiri mwa 7,000. Amayi ambiri anachita mantha n'kusiya mapiritsi, ndipo akatswiri anawerengera kuti chaka chotsatira ku England ndi ku Wales mimba zochotsedwa zinaonjezereka ndi pafupifupi 13,000. Njira iliyonse imene musankhe, nenani kuti ndi anthu angati mwa anthu angati, osangoti "zawirikiza" kapena "zatsika ndi theka".

Njira yoyamba: kudzera kwa atolankhani

Mtengo. Ndalama sizilowapo kwenikweni ngati yunivesite kapena bungwe lanu lili ndi ofesi yofalitsa nkhani. Mumataya masiku awiri kapena atatu kulemba chikalata chopita kwa atolankhani, kuchikonza, ndi kuyankha mafoni tsiku limene nkhani yatuluka.

Kupezeka. Zotsatira zikakhala zatsopano komanso zokhudza moyo wa anthu, khomo limatseguka. Zikakhala zongotsimikizira zomwe zinkadziwika kale, mkonzi sazifuna, ngakhale zili zofunika pa sayansi. Magazini akuluakulu amatumiziratu mapepala kwa atolankhani ndi pangano loti nkhani isatuluke tsiku lake lisanakwane, ndipo masamba a pa intaneti ngati EurekAlert!, limene bungwe la asayansi la ku America lotchedwa AAAS linayambitsa mu 1996, amasonkhanitsa zikalata zoterezi. Masiku a panganowo ndi mwayi wanu wofotokozera mtolankhani modekha.

Chisamaliro. N'chochepa koma chothina. Mtolankhani akaimba m'mawa amafuna yankho dzuwa lisanapendeke, ndipo mukachedwa amafunsa wina amene sanawerenge n'komwe pepala lanu.

Zoopsa. Timakonda kuloza chala atolankhani kuti amakokomeza, koma chala chimenecho chimabwerera kwa ife. Mu 2014, magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa Petroc Sumner ndi anzake amene anaunika zikalata 462 za nkhani za umoyo zochokera ku mayunivesite 20 a ku United Kingdom. Anapeza kuti zikalata 40 pa 100 zilizonse zinali ndi malangizo oposa zomwe pepala lenileni linanena, 33 pa 100 zinanena kuti chinthu china chimayambitsa chinzake pomwe kafukufuku anangoona kuti zimayendera limodzi, ndipo 36 pa 100 zinatenga zotsatira za pa nyama n'kuzikamba ngati za anthu. Chikalata chikakokomeza, nkhani za m'nyuzipepala zambiri zinkakokomezanso. Chikapanda kutero, zokokomezazo zinkachepa kwambiri. Choncho musalole kuti chikalata chituluke musanachiwerenge mzere ndi mzere. Ngati munayesa pa mbewa za m'labotale, mawu oti "mbewa" akhale m'chiganizo choyamba.

Choopsa china ndi phuma. Pa 23 Malichi 1989, asayansi awiri, Stanley Pons ndi Martin Fleischmann, anaitana atolankhani ku University of Utah ku America n'kulengeza kuti apeza njira yophatikizira maatomu n'kutulutsa mphamvu popanda kutentha koopsa kumene kumafunika pa ntchitoyo. Dziko lonse linamva akatswiri anzawo asanatsimikize. Malabotale ena atayesa kubwereza, zinakanika, ndipo mbiri ya anthu awiriwo sinabwererenso mwakale. Madzi akatayika saoleka. Dikirani kuti anzanu aunike kaye, ndipo ngati pali chifukwa chenicheni cholankhulira msanga, nenani poyera kuti zotsatirazo sizinaunikidwe.

Njira yachiwiri: kulemba nokha nkhani ya anthu wamba

Mtengo. Ndi nthawi basi, koma yochuluka kuposa momwe mukuganizira. Nkhani ya mawu 800 imatha kukudyerani sabata ngati ndi koyamba, chifukwa dzanja linazolowera kuyamba ndi mbiri ya nkhaniyo, kenako njira zomwe munatsata, zotsatira n'kubwera kumapeto. Wowerenga wamba amafuna zotsatirazo pa chiyambi.

Kupezeka. Nyuzipepala zambiri zili ndi tsamba la maganizo a olemba akunja. Palinso The Conversation, nyumba yofalitsa nkhani pa intaneti imene inayambira ku Melbourne, m'dziko la Australia, mu 2011 ndipo nthambi yake ya mu Africa inatsegulidwa ku Johannesburg mu 2015. Kumeneko mumalemba mothandizidwa ndi mkonzi, nkhani siituluka inu musanavomereze, ndipo nyumba zina zofalitsa nkhani zimaloledwa kuisindikizanso kwaulere. Koma amalandira okhawo ogwira ntchito kapena ochita maphunziro apamwamba ku yunivesite kapena ku bungwe la kafukufuku, ndipo salipira wolemba. Dziwaninso kuti njira imeneyi imafika kwa anthu okonda kuwerenga okha, m'chilankhulo chimene mwalembera.

Chisamaliro. Nkhani yolembedwa imakhalitsa. Munthu adzaipeza patapita zaka zisanu ndipo adzaitenga ngati ya lero. Zotsatira zikasintha, bwererani kwa mkonzi mukapemphe kuti aikepo mawu okonza.

Zoopsa. Ndi zochepa poyerekeza ndi njira zina, chifukwa mawu omaliza ali ndi inu. Mutu wa nkhani ndiwo nthawi zambiri umalembedwa ndi mkonzi, ndiye pemphani kuuona. Vuto lalikulu ndi lakuti mungalembe zomveka kwa inu nokha. Mpatseni wachibale amene sanaphunzire za ntchito yanu awerenge, kenako akufotokozereni m'mawu ake. Zimene wanenazo ndi zimene mwalemba.

Njira yachitatu: wailesi ndi mapulogalamu omvera pa intaneti

Pano pali zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, kukhala mlendo pa pulogalamu ya ena ndi kuyambitsa podcast yanu, kutanthauza pulogalamu yanuyanu yomvera pa intaneti.

Mtengo. Kukhala mlendo kumangofuna ola lokonzekera ndi ola lolankhula. Podcast yanu imafuna maikolofoni yabwino, chipinda chopanda phokoso, kompyuta yodulira mawu, ndi maola angapo okonza gawo lililonse la mphindi makumi awiri kapena atatu.

Kupezeka. Pa njira zonse zofika kutali, wailesi ndi imene siisankha munthu. Wosadziwa kuwerenga amamva, wopanda intaneti amamva, wogwira ntchito ndi manja amamva ntchito ili m'kati. Imakupatsaninso mwayi wolankhula m'chilankhulo cha omvera. Podcast imafika kwa amene ali ndi foni yamakono ndipo aifunafuna okha.

Chisamaliro. Mlendo akatuluka mu situdiyo wamaliza. Mwini podcast ndiye wadzimangirira goli, chifukwa omvera amayembekezera gawo lina pa nthawi yake, ndipo mapulogalamu ambiri oterewa amazima atangotulutsa magawo ochepa. Ngati simungalonjeze chaka chathunthu, khalani mlendo.

Zoopsa. Mawu akatuluka amapita, palibe wowabweza. Ndinakhalapo mu situdiyo ndi mayi wina wochita kafukufuku wa za umoyo. Iye anati zinthu ziwiri zomwe ankafufuza zimapezeka limodzi. Woulutsa, maso ali pa wotchi, anamudula: "Ndiye kuti chimodzi chimayambitsa chinzake?" Ndinamuona mayiyo akumeza malovu, dzanja litagwira m'mphepete mwa tebulo. Kuvomera kukanakhala kosavuta ndipo kukanamveka bwino. Koma anati, "Ayi. Tsiku limene anthu ambiri anyamula maambulera ndi tsiku lomwelonso m'misewu muli matope, koma si ambulera amene amabweretsa matope. Ifeyo tapeza maambulera ndi matope. Mvulayo tikuifufuzabe." Woulutsa anaseka, ndipo oimba foni atatu otsatira onse anafunsa za mvulayo. Chitsanzocho sanachipeke pomwepo, anachikonza dzulo lake. Pitani ku wailesi ndi mfundo imodzi, chitsanzo chimodzi, ndi chiganizo chimodzi chonena zomwe kafukufuku wanu sananene.

Chenjeraninso ndi mtima wofuna kutonthoza anthu. Ku L'Aquila, m'dziko la Italy, patatsala masiku ochepa kuti kuchitike chivomezi cha pa 6 Epulo 2009 chomwe chinapha anthu oposa 300, uthenga umene unafika kwa anthu kuchokera kwa akuluakulu unali wowakhazika mtima pansi. Mu 2012 khoti linagamula asayansi 6 ndi mkulu mmodzi wa boma kuti akakhale m'ndende zaka 6 chifukwa cha momwe chiopsezo chinafotokozedwera. Asayansiwo anamasulidwa pa apilo mu 2014. Ambiri anadzudzula chigamulo choyambacho, koma nkhaniyi imatikumbutsa kuti "mwayi woti zichitike ndi wochepa" ndi "sizichitika" ndi mawu awiri osiyana, ndipo khutu la munthu wamantha limamva achiwiriwo.

Njira yachinayi: masamba a mchezo ndi makanema afupiafupi

Mtengo. Kutsegula tsamba pa Facebook, YouTube, TikTok kapena X n'kwaulere, ndipo foni imene muli nayo imajambula kanema wokwanira. Ichi n'chimene chimakopa ambiri.

Kupezeka. Palibe mkonzi wokuletsani, mukhoza kuyamba lero. Komabe amene amasankha kuti uthenga wanu uoneke kwa ndani si inu, ndi makina a kampani, ndipo malamulo ake amasintha osakufunsani. Asayansi ambiri anamanga magulu awo pa Twitter kwa zaka zambiri. Kampaniyo itagulidwa mu 2022 n'kusintha dzina kukhala X mu 2023, ambiri anasamuka n'kukayambanso kusonkhanitsa omvera kwina. Nyumba yomanga pa malo a eni ndi yotero.

Chisamaliro. Apa ndi pamene njirayi imalipitsa. Tsamba limafuna kudyetsedwa sabata ndi sabata, ndemanga zimafuna kuwerengedwa, ndipo funso la munthu wodwala lomwe lakhala masiku atatu osayankhidwa limayankhidwa ndi wina wogulitsa mankhwala abodza. Pa njira zisanuzi, iyi ndi yotchipa kuiyamba koma yodula kwambiri kuisunga.

Zoopsa. Bwaloli silikondera choonadi. Mu 2018 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America amene anatsatira nkhani pafupifupi 126,000 pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017, ndipo anapeza kuti nkhani zabodza zinkafalikira msanga ndiponso kutali kuposa zoona. Kachiganizo kanu kamodzi kakhoza kudulidwa n'kuyenda kokha popanda chenjezo lomwe linali pambuyo pake. Palinso chipongwe. Mu 2021 magazini ya Nature inafunsa asayansi oposa 300 amene analankhulapo poyera za COVID-19, ndipo 15 pa 100 aliwonse ananena kuti anaopsezedwapo kuti aphedwa. Si zoti muziope n'kukhala chete, koma musanayambe funsani bungwe lanu kuti lidzaima nanu bwanji zikavuta, ndipo musaike pa tsambalo zokhudza banja lanu kapena komwe mumakhala. Ubwino wake, womwe sindingaubise, ndi wakuti anthu amakufunsani mwachindunji, ndipo achinyamata amaona kuti wasayansi ndi munthu ngati iwo.

Njira yachisanu: kukumana ndi anthu maso ndi maso

Iyi ndi njira yakale kwambiri. Ku London, bungwe la Royal Institution linayamba nkhani za sayansi za achinyamata za nyengo ya Khirisimasi mu 1825, ndipo wasayansi wotchuka Michael Faraday anakambapo kambirimbiri. Mu 1998 ku Leeds kunayamba Café Scientifique, kumene wasayansi amalankhula mwachidule kenako nthawi yambiri imapita ku mafunso. Mpikisano wa Three Minute Thesis, womwe unayambira ku University of Queensland mu 2008, umapatsa wophunzira mphindi zitatu ndi chithunzi chimodzi chokha kuti afotokoze ntchito ya zaka zingapo.

Mtengo. Ukawerengera pa munthu mmodzi womvera, palibe njira yodula kuposa iyi. Pamafunika ulendo, malo, nthawi zina womasulira, ndi tsiku lathunthu kuti mulankhule ndi anthu makumi anayi.

Kupezeka. Sukulu, malaibulale ndi mabungwe a alimi kapena a odwala amalandira mlendo mosavuta. Chovuta n'chakuti mukaitanira anthu ku yunivesite, amabwera okhawo amene amakonda kale sayansi. Pitani kumene anthuwo amakumana kale.

Chisamaliro. Mukalonjeza kuti mudzabweranso ndi mayankho, bwererani. Anthu amene anakupatsani magazi, nthaka kapena nthawi yawo n'kusamvanso chilichonse sadzamutsegulira wofufuza wotsatira.

Zoopsa. Funso lomwe simulidziwa lidzabwera, ndipo kunena kuti "sindikudziwa, ndikafufuza" sikuchotsa ulemu. Choopsa chenicheni ndi kupita ndi mtima wophunzitsa basi. Ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, ku Ukraine, itachitika mu 1986, poizoni wa nyukiliya anagwa ndi mvula pa mapiri a ku Cumbria, kumpoto kwa England. Akatswiri anauza alimi a nkhosa kuti ziletso zitha m'masabata ochepa, poganiza kuti nthaka imanga poizoniyo. Koma nthaka ya m'mapirimo inali ya mtundu wina, udzu unapitiriza kumuyamwa, ndipo m'mafamu ena ziletso zinafika mpaka 2012. Brian Wynne, amene anafufuza nkhaniyi, anaonetsa kuti alimiwo ankadziwa zambiri za malo awo ndi kadyedwe ka nkhosa zawo, koma palibe amene anawamvera, ndipo chikhulupiriro chinatha.

Zoterezi ndinaziona pa msonkhano wina waung'ono wokamba za ukhondo wa madzi a m'zitsime. Mnyamata wofufuza anaonetsa zotsatira za kafukufuku wake pa khoma kwa mphindi khumi, anthu ali zii. Kenako mayi wina wachikulire kumbuyo anakweza dzanja: "Bambo, madziwo munkatunga nthawi yanji? Chifukwa a m'mamawa sakhala ngati a madzulo, anthu atatunga tsiku lonse." Mnyamatayo anaima kaye, anatsegula kope lake, n'kupeza kuti ankatunga m'mawa mokhamokha. Anathokoza mayiyo pamaso pa onse, ndipo ulendo wotsatira anatunga kawiri pa tsiku. Palibe njira ina mwa zinayi zija imene ikanamupatsa funso limenelo. N'chifukwa chake ineyo njirayi ndimaiika patsogolo, ngakhale imafika kwa anthu ochepa.

Njira iti kwa ndani

Ngati zotsatira zanu zaunikidwa kale, n'zatsopano, ndipo zikukhudza anthu ambiri nthawi imodzi, pitani kwa atolankhani, chikalata mutachiwerenga nokha. Lembaninso nkhani yanuyanu yoti ituluke sabata yomweyo, kuti wofuna kumva zonse akhale ndi kopita.

Ngati nkhani yanu ndi yovuta, yodzaza ndi "koma" ndi "pokhapokha", kapena ndi yoti anthu amakangana nayo kale monga katemera ndi mbewu zosinthidwa m'labotale, lembani nokha. Makanema a masekondi makumi atatu asiyeni kaye.

Ngati omvera anu sawerenga kwambiri, alibe intaneti yodalirika, kapena amalankhula chilankhulo china ndi cha pepala lanu, pemphani nthawi pa wailesi, makamaka pulogalamu imene omvera amaimba foni.

Ngati ndinu wophunzira kapena mwangoyamba kumene ntchito, ndipo mulibe zotsatira zazikulu zolengeza, yambani ndi kalasi ya ana a sukulu kapena mpikisano wa mphindi zitatu. Mukalakwitsa pamenepo mumakonza pomwepo. Tsamba la mchezo litseguleni pokhapokha ngati mumakonda kale kucheza pamenepo ndipo muli ndi anzanu awiri kapena atatu osinthana nawo ntchito yoyankha.

Ngati amene mukufuna kuti amve ndi opanga malamulo, palibe mwa njirazi imene ikwanira payokha. Alembereni tsamba limodzi lonena vuto, zomwe mwapeza, ndi zomwe angasankhe, kenako pemphani kukumana nawo.

Ndipo ngati kafukufuku wanu anachitika pakati pa anthu, m'minda mwawo, m'zipatala zawo kapena m'matupi mwawo, bwererani kwa iwo choyamba, mtolankhani asanamve. Konzani ndalama za ulendo umenewo pomwe mukulemba pempho la thandizo la kafukufukuyo, chifukwa ntchito ikatha thumba limakhala litauma kale.